Zimene mwaphunzira pamsonkhano zisamathere pansi pa mtengo

Chaka chilichonse mvula ikayandikira, ife alangizi timayenda m'midzi ya kuno ku Mangochi kuphunzitsa kabzalidwe ka chimanga. Timakhala pansi pa mtengo wa mango, timayala chingwe, n'kuonetsa kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, ndipo phando lililonse lilandire mbewu imodzi. Ndikafunsa kuti "Zamveka?" onse amayankha kuti zamveka, ndipo sanama ayi, pa nthawiyo zimakhala zamvekadi. Koma pakapita masabata atatu, mvula itagwa, ndikamadutsa m'minda ya cha ku Namwera ndimapeza wina waponya mbewu zitatu paphando, wina wakumbukira 25 uja koma wasokoneza kuti anali wa mizere kapena wa mapando. Mayi wina anandiuza ataweramitsa nkhope kuti, "Alangizi, mutu wangawu ndi wobowoka, kusukulu sindinapiteko." Mawuwo anandikhudza kwambiri, chifukwa mayi yemweyo amadziwa pamtima amene anakongola ndi amene anabweza mu banki m'khonde ya kwawo. Mutu wawo ulibe bowo. Chimene chikusowa ndi kudziwa mmene mutu wa munthu umasungira zinthu, ndipo ndi nkhani imeneyi ndikufuna tikambirane, amayi ndi abambo.

Chinthu chimene mwangochimva kumene chimayamba chakhala pamalo aang'ono kwambiri m'mutu, ngati pachikhatho. Chikhatho sichinyamula dengu la usipa. M'chaka cha 1956 katswiri wina wa ku America, George Miller, analemba kuti munthu amagwira zinthu pafupifupi zisanu ndi ziwiri pa nthawi imodzi, ndipo ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti kawirikawiri zimakhala zinayi zokha. N'chifukwa chake nambala ya foni, imene ili ndi manambala 10, sitiitchula yonse kamodzi. Timaidula patatu, ndipo mutu umailandira ngati mitolo itatu. Choncho mlangizi akalankhula maola awiri za mizere, feteleza, mbozi ndi kasungidwe ka zokolola, musadziimbe mlandu kuti zambiri zatayika. Pochoka pamsonkhano sankhani mfundo zitatu zimene mudzazifune posachedwa, muzitchule mokweza musananyamuke. Ndiponso pamene mlangizi akufotokoza, foni ikhale m'thumba. Chimene simunachimvetsere sichinalowe n'komwe, ndiye simungati mwachiiwala.

Kuti chinthu chichoke pachikhathopo n'kukakhazikika, pali kachigawo ka mkati mwa ubongo kotchedwa hippocampus kamene kamagwira ntchitoyo. Madokotala anadziwa bwino ntchito yake kudzera mwa bambo wina wa ku America, Henry Molaison, amene ankadwala khunyu kwambiri. M'chaka cha 1953 anamuchita opaleshoni n'kuchotsa mbali yaikulu ya kachigawoka kumanja ndi kumanzere komwe. Khunyu lija linachepa, zambiri za ubwana wake ankazikumbukirabe, kucheza ankacheza bwinobwino, koma zatsopano sizinkakhalanso. Munthu amene wacheza naye m'mawa, masana ankamuona ngati mlendo, ndipo zinakhala choncho mpaka imfa yake mu 2008. Kumva ndi kusunga ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyi imafuna nthawi.

Nanga zimatayika mofulumira bwanji? Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo mu 1885 anasindikiza zimene anapeza. Litangotha ola limodzi, zoposa theka zinali zitauluka. Kenako kuiwalako kunkayenda pang'onopang'ono. Zinthu zokhala ndi tanthauzo zimakhalitsa kuposa timawu take tija, komabe kayendedwe kake n'kofanana: zambiri zimatayika tsiku loyamba lomwelo. Anapezanso kuti kubwereza mopatula masiku kumasunga chinthu kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi.

Apa ndi pamene pagona malangizo anga. Kukumbukira zimene taphunzira kuli ngati kanjira ka kudimba nthawi ya dzinja. Mukadutsamo kamodzi, udzu umadzuka n'kutseka. Mukamadutsamo lero, mawa, mkuja, kanjirako kamaoneka ngakhale kuli mdima. Ndipo kudutsamo kwake sikumvanso mlangizi akubwereza, kapena kuyang'ananso pepala. Ndi kudzifunsa nokha, pepala lili kutali, n'kuvutika mpaka yankho litatuluka m'mutu mwanu. Kuvutika kumeneko musakuope, ndiko kumalimbitsa. Anthu ambiri amakonda kuwerenganso chifukwa mawu akaoneka achizolowezi mtima umati "izi ndikuzidziwa." Kuzindikira chinthu pochiona n'kosavuta. Kumunda kulibe pepala, kuli khasu ndi mbewu basi.

Ndiye chitani chonchi. Madzulo a tsiku la msonkhano, nsima itadyedwa, fotokozerani a kunyumba kwanu zimene mwaphunzira, ngati kuti mlangizi ndinu. Pamene mwakakamira, pomwepo ndi pamene pali dzenje. Funsani mnzanu amene munali naye kapena mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu mawa lake. Mudzifunsenso pakapita masiku atatu, kenako pakatha sabata, kenako dzulo lake la tsiku lobzala. Nthawi iliyonse ndi mphindi zisanu zokha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Manja nawo ali ndi kukumbukira kwawokwawo. Molaison uja anamuphunzitsa kujambula nyenyezi akuyang'ana pagalasi. Tsiku lililonse sankakumbukira kuti anayesapo kale, koma dzanja lake linkajambula bwino kuposa dzulo. Tonse timadziwa kuti wopalasa njinga kapena bwato saiwala ngakhale patapita zaka. Choncho musasunge 25 ndi 75 ngati manambala okha. Bwerekani rula ya mwana wa sukulu, yezani kamtengo ka masentimita 25, mukadule. Kamtengo kamodzi ndi mtunda wa phando ndi phando, timitengo titatu ndi mtunda wa mzere ndi mzere. Yesererani pabwalo tsiku lomwelo, kenako kamtengoko mukasomeke kudenga pafupi ndi pamene mumasunga mbewu. Dzanja likagwira kamtengo, mutu umatsatira.

Zimenezi si zachilendo kuno kwathu. Taonani mmene ana amalowezera Qur'an ku madrasa. Mwalimu samupatsa mwana sura yaitali tsiku limodzi. Amamupatsa ndime zochepa, mwanayo amazibwereza mokweza, mawa amakazinena pamaso pa mwalimu osayang'ana, ndipo zakale amazibwererabe kuti zisazilale. Akwaya kutchalitchi amachita chimodzimodzi, ndipo nyimbo imathandiza chifukwa mawu amakoleka pa kayimbidwe. Gulu lanu likapeka kanyimbo ka kabzalidwe kapena ka masiku othira feteleza, musakaone ngati masewera a ana.

Asodzi nawo ali ndi luso limene ndimalisirira. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Chembe amabwerera pamalo enieni pamene anapha utaka sabata yatha, pamadzi popanda chikwangwani, pongolunjikitsa phiri ili ndi mtengo uwo wa kumtunda. Ubongo wa munthu umagwira malo mwamphamvu kwambiri, ndipo umakula ndi ntchito imene ukupatsidwa. M'chaka cha 2000 Eleanor Maguire ndi anzake anayeza ubongo wa oyendetsa matakisi a mu London, amene amaloweza misewu masauzande asanapatsidwe chilolezo, ndipo anapeza kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus yawo inali yaikulu kuposa ya anthu ena. Mphamvu ya malo imeneyi mukhoza kuigwiritsa ntchito ngakhale simudziwa kulemba. Tinene kuti mukupita ku boma kukagula mchere, sopo, mankhwala a anankafumbwe ndi makope a ana. M'maganizo yendani pakhomo panu: onani mchere utamwazika pakhomo lolowera, sopo akuchita thovu mu mtondo, botolo la mankhwala litakhala pamwamba pa nkhokwe, makope atapachikidwa mu mtengo wa papaya. Mukafika pamsika yendaninso ulendo womwewo m'mutu. Chithunzi chikakhala chodabwitsa, ndi pamene chimamatirira bwino. Njira imeneyi Agiriki akale ankaigwiritsa ntchito poloweza zokalankhula pagulu.

Kwa ana athu amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8, JCE kapena MSCE, makolo muwauze kuti kuchezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira si nzeru. Awerenge gawo limodzi, atseke buku, alembe zonse zimene akukumbukira, kenako atsegule aone zimene zatsala. Mapepala akale a MANEB ayambe ayankha okha asanaone mayankho. Ndipo agone. Tulo si kutaya nthawi, chifukwa munthu akagona ubongo umabwereza zimene waphunzira masana n'kuzikhazika. Wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Pano ndidandaule poyera: mnyamata amene wachezera panyanja ndi nyali kukoka chilimira, m'mawa n'kukakhala m'kalasi, thupi lake lili pa desiki koma palibe chikulowa. Ndikudziwa kuti pakhomo pamafunika ndalama ya ndiwo, komabe masiku a sukulu mwana asiyidwe agone. Nanunso a makomiti a m'madooko, musamaitanitse maphunziro m'mawa pamene alovi angotsika kumene m'boti. Adikireni agone kaye.

Ubongo ndi chiwalo, umadwala thupi likadwala. Kuno kunyanja likodzo ndi lofala, ndipo ena amaona ngati mnyamata kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula. Ndi matenda amenewo. Amachepetsa magazi, ndipo mwana wochepa magazi amatopa msanga, samvetsera m'kalasi. Mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu, mulole mwana amwe atadya kaye. Malungo akafika ku ubongo amatha kumusiyira mwana vuto la kuphunzira, choncho neti igwire ntchito yake pogona, isapite kukakokera usipa kapena kutchingira dimba. Gulani mchere wokhala ndi ayodini, makamaka pakhomo pamene pali mayi woyembekezera, chifukwa ayodini ndi wofunika pa kakulidwe ka ubongo wa mwana. Usipa musagulitse wonse kwa a geni. Wina atsale pakhomo, adyedwe ndi mitu yomwe, pambali pa masamba ndi nyemba. Akuluakulu yezetsani BP, poti kuthamanga kwa magazi kumawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete. Kachasu wa tsiku ndi tsiku amadya kukumbukira, chamba nachonso chimasokoneza. Amene muli pa ma ARV musadumphitse, ndipo kuti musaiwale, mangirirani kumwa mankhwala ku chinthu chimene mumachita nthawi yomweyo tsiku lililonse, monga swala ya m'bandakucha kapena kusukusula. Nkhawa yaikulu ndi chisoni nazonso zimaiwalitsa, ndipo zikachepa mutu umabwerera.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikulangizani kusunga m'mutu mokha: ndalama. Munthu akamakumbukira sakutsegula kaseti ayi, akumanganso nkhaniyo, ndipo pomanganso mumalowa zimene anamva pambuyo pake kapena zimene mtima ukufuna. Anthu awiri okhulupirika akhoza kukangana pa mabeseni a nsomba a ngongole, wina akuti anali asanu, wina akuti asanu ndi limodzi, onse akulumbira ndi mtima woona. Lembani pomwepo, pamaso pa mboni, ndi tsiku lake. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana akulembereni, kapena tumiziranani uthenga wa mawu pa WhatsApp onse awiri muli pomwepo. Koma nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musailembe kuseri kwa foni. Imeneyo ilowezeni mwa njira ija yodzifunsa lero, mawa ndi sabata ya mawa.

Tsopano za agogo athu. Kuiwala pamene mwaika chikwanje, kapena dzina la munthu kukhala kumlomo n'kudzatulukira madzulo, zimachitika kwa aliyense ndipo zimachuluka ndi ukalamba. Koma agogo akayamba kusochera panjira ya kuchitsime imene ayendamo zaka makumi, kufunsa funso lomwelo kangapo pa ola limodzi, kuiwala ana awo, kusiya mphika pamoto n'kuchokapo, kapena kutuluka usiku osadziwa kumene akupita, amenewo ndi matenda a ubongo otchedwa dementia. Mtundu wake wofala ndi umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Gogo wopezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake, mwina wosavala bwino, akulankhula zosamveka, sanagwe pa ndege ya ufiti. Wasochera, ndipo ali ndi mantha. Zimandiwawa kumva nkhalamba zikumenyedwa pa zifukwa zotere, ndipo dziwani kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mafumu, mashehe ndi abusa, nkhani imeneyi muziinena pamisonkhano yanu.

Mukaona zizindikiro zimenezi, apititseni agogowo kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha pa boma, ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo apite ndi munthu amene amakhala nawo, woti akafotokoze pamene zinayambira. Zifukwa zina za kuiwala zimachizika, monga kuchepa kwa zakudya zina m'thupi, mankhwala osayanjana ndi thupi, kapena makutu osamva bwino. Ngati kusokonezekako kwabwera mwadzidzidzi, pakamwa papotoka kapena mkono wafooka, musadikire mawa, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Kunyumba musasunthesunthe katundu wawo, muwadyetse pa nthawi yofanana, ndipo akafunsa kachisanu muwayankhe ngati afunsa koyamba. Muwasokerenso kansalu m'chovala kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya wachibale.