Musanalipire kochi, dziwani thandizo limene mukufuna

Amalawi ambiri amene tikukhala mu Johannesburg tinazolowera kumva za kochi pa nkhani za mpira basi, koma masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mwadzaza anthu odzitcha makochi a moyo kapena a bizinesi, ndipo abale athu ena ayamba kuwapatsa marandi amene anawakhetsera thukuta. Ntchito imeneyi ndi yeniyeni ndipo imathandiza, koma ili ndi malire amene aliyense ayenera kuwadziwa asanatulutse ndalama.

Kochi sabwera ndi mayankho, amabwera ndi mafunso. Tiyerekeze telala amene wasoka zaka 6 m'shopu ya munthu wina ku Fordsburg ndipo tsopano akufuna kuima payekha. Kochi wodziwa ntchito yake adzayamba ndi kumufunsa chimene akufuna kwenikweni, kaya ndi shopu muno mu Joni kapena mpamba wokayambira ku Mangochi. Kenako adzafunsa mmene zinthu zilili lero: ndalama zimene amasunga pamwezi akachotsa lendi ndi zotumiza kumudzi, ngongole zimene ali nazo, makasitomala amene angamutsatire. Akatero adzamuthandiza kuona njira zimene zilipo, monga kulowa chipereganyu kuti agule makina kapena kuyamba kusokera m'chipinda chake Loweruka, ndipo pomaliza telalayo yekha ndiye adzanene chimene achite ndi tsiku limene achichite. Ndondomeko imeneyi imatchedwa GROW, ndipo anaifalitsa kwambiri ndi John Whitmore wa ku Britain m'buku lake la 1992. Ubwino wake ndi wakuti munthu sataya msanga chinthu chimene wachiganiza yekha, komanso amadziwa kuti sabata yamawa adzafunsidwa ngati wachita.

Izi n'zosiyana ndi thandizo la mkulu amene anadutsa kale njira imene inu mukuiyamba. Telala amene ali ndi shopu yake zaka zambiri adzakuuzani mosabisa komwe nsalu zimatchipa ndi zolakwa zimene iye anachita, ndipo nthawi zambiri salipiritsa. Ine ndimalangiza aliyense amene akungoyamba kumene kuti afune kaye mkulu wotere, chifukwa mafunso a kochi sapindula kwa munthu amene sanaidziwe ntchito. Ngati chimene chikukusowani ndi luso, pitani kwa mphunzitsi; ngati ndi kulembetsa kampani ku CIPC kapena za msonkho ku SARS, pitani kwa akawuntanti amene adzakuchitirani ntchitoyo. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, nkhani yake ndi ya ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, komwe salipiritsa, ndipo dandaulo liyenera kufika pasanathe masiku 30.

Pamene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi pa uphungu wa maganizo. Pakati pathu pali anthu amene anaferedwa ali kuno osakwanitsa kukaika maliro, ena akadali ndi mantha a zipolowe zodana ndi alendo ngati zimene zinayambira ku Alexandra mu 2008, ndipo ena sagona tulo, sadya, amangomwa mowa. Munthu wotere sakufunika womufunsa za zolinga za chaka chamawa, akufunika wopoletsa bala. Imeneyi ndi ntchito ya akatswiri a zamaganizo, amene malamulo a dziko lino amafuna kuti akhale olembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo. Bungwe la SADAG, limene limathandiza anthu ovutika maganizo ndipo lili mu Johannesburg momwemuno, lili ndi manambala oimba mwaulere. Kochi woona mtima akaona zizindikiro zimenezi amaimitsa zokambirana n'kukutumizani kumeneko, ndipo amene akukuuzani kuti mungolimba mtima ndi kuganiza zabwino akuika moyo wanu pachiswe. Za banja nazo zili ndi eni ake, ankhoswe ndi abusa, ngakhale ankhoswewo atamalankhula pafoni ali kumudzi.

Palibe lamulo mu South Africa loletsa munthu kudzitcha kochi, choncho kufufuza ndi udindo wanu. Funsani komwe anaphunzira, ndiponso ngati ali membala wa COMENSA, bungwe la makochi la dziko lino limene linayamba mu 2006, kapena wa International Coaching Federation, bungwe la makochi la padziko lonse limene linakhazikitsidwa mu 1995. Pemphani mgwirizano wolembedwa wonena kuti mukumana kangati, mtengo wake, ndi kuti zimene mukambirane zidzasungidwa mwachinsinsi, makamaka ngati wolipira ndi bwana wanu. Wina akayamba kukulonjezani kulemera m'miyezi itatu, kapena kukuuzani kuti muike ndalama mu bizinesi yake ndi kubweretsa anzanu, ameneyo ndi wamalonda, ndipo musamulipire ngakhale za tsiku loyamba.