Kapakidwe ka Zovala Zoyera pa Tizidole ta Masewera a Patebulo

Mwa mitundu yonse ya penti imene opaka tizidole ta masewera a patebulo amagwiritsa ntchito, woyera ndi umene umafooketsa anthu ambiri. Kuno ku Blantyre ndaona kangapo mnyamata atakongoletsa bwino lupanga, nsapato ndi nkhope ya kachidole kake, koma mkanjo ukuoneka ngati khoma lopakidwa laimu mothamanga. Tizidole timeneti, monga ta masewera a Warhammer amene kampani ya Games Workshop inayamba kutulutsa mu 1983, timakhala totalika mamilimita 28 mpaka 32 okha, ndipo makwinya a zovala zake ndi osaya moti kuwala kwa m'chipinda sikupanga mithunzi yokwanira. Mithunziyo iyenera kuikidwa ndi wopakayo, ndipo sangaiike ngati wayamba n'kupaka chovala chonse penti woyera mbee.

Musanagwire bulashi, kaonetsetseni nsalu yeniyeni. Imani chapatali panja pa tchalitchi cha St Michael and All Angels tsiku limene amayi a Mvano avala mabulauzi ndi maduku awo, kapena onani mikanjo ya abambo ochokera ku mzikiti ku Limbe Lachisanu masana. Mudzaona kuti malo oyereratu ndi ochepa: pamwamba pa phewa, pamsana pa khwinya lililonse, ndi pamene duku lakwera pamutu. Kunsi kwa mkono, m'chiuno mmene nsalu yafinyana, ndi pansi pa kolala, mtundu wake ndi wotuwa ngati phulusa, nthawi zina wopita kobiriwira ngati kumwamba, nthawi zina wopita kofiirira ngati mkaka wothira tiyi pang'ono. Maso athu amati chovala chonsecho n'choyera chifukwa amayerekeza malo owala ndi malo otuwawo.

Choncho andakoti wanu, penti woyambirira wopaka pansi pa ena onse, akhale wotuwa mopepuka. Andakoti wakuda amafuna kuti mupake kambirimbiri asanabisike, ndipo pofika pamenepo tizizindikiro tonse ta pachovala takwiririka. Chifukwa chake chili mu penti woyera mwiniwake. Ufa umene umamuyeretsa, titanium dioxide, ndi wolemera, umakhazikika pansi pa botolo, ndipo ukapakidwa wokhuthala umauma mokhakhala ngati choko. Khutchumulani botolo kwa mphindi yathunthu musanatsegule. Mwa mapenti a Citadel, omwe amapangidwira tizidole totere, wotchedwa Corax White ndi wotuwirako ndithu mukamuika pafupi ndi pepala, pamene woyereratu ndi White Scar. Amene alibe mapenti a Citadel kapena Vallejo, omwe ambiri amachita kuitanitsa kunja, asadandaule: penti wa acrylic wa m'machubu wogulitsidwa m'masitolo a zipangizo za kusukulu amagwira ntchito, bola asungunulidwe mokwanira.

Kenaka sankhani mtundu wa kuyera umene mukufuna, ndipo musausinthe pakati pa ntchito. Nsalu yochapidwa bwino, ya wansembe kapena ya mfumukazi, imafuna mthunzi wozizira: woyera wosakaniza ndi kadontho ka wakuda ndi kadontho ka wabuluu. Nsalu ya thonje yakale, ya msilikali woyenda ulendo wautali, imafuna mthunzi wofunda: woyera wosakaniza ndi wofiirira pang'ono ndi wachikasu pang'ono. Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti atenge wofundawu, chifukwa bulashi ikaphonya, cholakwacho chimangooneka ngati kutha kwa nsalu. Chimene sindilangiza m'pang'ono pomwe n'kuthira penti wakuda wamadzimadzi pachovala chonse, monga ambiri amachitira pa zida zachitsulo, pakuti pa zoyera amasiya mathothomathotho ngati nsalu yochapidwa m'madzi a makala. Ngati mwapeza Apothecary White, mmodzi wa mapenti amadzimadzi a Citadel otchedwa Contrast amene anatuluka mu 2019, ameneyo anapangidwira kulowa m'makwinya a zoyera, komabe pamwamba pake pafunika kuwalitsanso ndi dzanja.

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Pakani chovala chonse mtundu wa mthunzi uja mpaka utafanana paliponse. Onjezani woyera pang'ono mu chisakanizocho, n'kupaka malo onse kupatula mkati mwenimweni mwa makwinya. Onjezaninso woyera, n'kupaka malo ocheperapo, okhawo oyang'ana kumwamba. Chitani chimenechi katatu kapena kanayi, malo akucheperachepera. Penti akhale wamadzi ngati mkaka, koma musanakhudze kachidole pukutani bulashi pa tishu mpaka isamadonthe, ndipo muzikokera bulashiyo kuchokera kumthunzi kupita kowala, chifukwa penti wambiri amatsalira pamene bulashi yanyamukira. Mukapaka, dikirani kuti paume. Mukabwerezapo pasanaume, bulashi imakanda penti wapansi n'kusiya timabowo tovuta kukonza. Woyera wosasakaniza abwere pomalizira penipeni, ndi nsonga ya bulashi ya nambala 0 kapena 1, pa timizere tochepa: m'mphepete mwa mkono, pamwamba pa phewa, pa bondo pamene nsalu yakungika.

Nyengo ya kwathu kuno imalowererapo. Mu Okutobala penti wa acrylic amauma pa mbale musanamalize ngakhale mkono umodzi, ndipo chisakanizo chimene munachipeza movutikira chimatayika. Tengani kakontena kathyathyathya kokhala ndi chotsekera, ikani siponji yonyowa pansi, yalani pepala lophikira makeke pamwamba pake, n'kumasakanizira penti pa pepalalo. Amakhala wofewa kwa maola angapo. M'dzinja, kapena masiku a chiperoni pamene mpweya wadzaza chinyezi, musapopere andakoti kapena vanishi wa m'chitini, chifukwa amauma ndi timibulu, ndipo vanishi amatha kuchita mbuu ngati nkhungu. Magetsi akazima, siyani zoyera mupake zina, popeza kuwala kwa kandulo n'kwachikasu ndipo kumabisa kusiyana kwa mithunzi. Pafupi ndi zenera m'mawa ndi malo abwino koposa.

Madzi otsukira bulashi asinthidwe musanayambe zoyera, pakuti kadontho kofiira kotsalira mu kapu kamasandutsa mkanjo wonse wapinki. Ngati kachidoleko n'ka munthu woyenda pansi, sungunulani kwambiri penti wofiirira ngati dothi la m'misewu ya ku Ndirande m'chilimwe, mupake mopyapyala m'mpendero mokha, kawiri kapena katatu, mtundu ukuzilala pokwera m'mwamba. Zonse zikauma tsiku lathunthu, tetezani ndi vanishi wosanyezimira, chifukwa tizidoleti timagwidwagwidwa posewera ndipo thukuta la m'zala limaonekera msanga pa zoyera. Muyambe mwayesa vanishiyo pa kachidole kakale, chifukwa ena amachita chikasu pakapita nthawi.