Kasakanizidwe ka epoxy popanga zipangizo za carbon fibre

Ntchito zambiri za carbon fibre (ulusi wolimba koma wopepuka wa carbon, umene umalukidwa ngati nsalu) zimawonongekera m'kapu yosakanizira, ulusi usanakhudzidwe n'komwe. Epoxy, imene imamata ulusiwo ndipo imapangidwa posakaniza utomoni ndi mankhwala olimbitsa, siuma ngati penti ayi. Utomoni wake, umene kawirikawiri umapangidwa kuchokera ku bisphenol A ndi epichlorohydrin, umalimba chifukwa mamolekyulu ake amalumikizana ndi a mankhwala olimbitsa a mtundu wa amine, n'kupanga ukonde umodzi umene sungasungunukenso. Malo aliwonse olumikizirana amafuna mnzake, choncho mukawonjezera mankhwala olimbitsa poganiza kuti ntchito ifulumira, otsalawo amasowa pogwira ndipo chipangizo chimatuluka chofooka. Amene amalakwitsa kwambiri pamenepa ndi amene anazolowera utomoni wa polyester, umene umalola kusinthako pang'ono mlingo wa MEKP, mankhwala olimbitsa utomoni umenewo.

Yezani utomoni wa epoxy ndi mankhwala olimbitsa pasikelo potsatira mlingo umene wopanga analemba, ndipo tsimikizani ngati mlingowo ndi wa kulemera kapena wa mamililita, pakuti ziwirizi sizilemera mofanana. Takasani modekha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu, kenako tsanulirani m'kapu ina yoyera n'kutakasanso. Ine sindidumpha sitepe imeneyi ngakhale nditafulumira chotani, chifukwa utomoni wokanirira m'mbali ndi umene umasiya malo onata osalimba.

Kulumikizanaku kumatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumafulumizitsanso kulumikizana. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 a Celsius, nthawi yogwirira ntchito imatsika pafupifupi ndi theka. Epoxy yochuluka ikasiyidwa m'kapu yakuya imatha kufuka utsi, motero sakanizani yochepa nthawi iliyonse n'kuithira m'thireyi yosazama.

Ponyowetsa nsalu ya ulusi, kumbukirani kuti mphamvu ili mu ulusiwo. Utomoni wopitirira muyeso umangowonjezera kulemera. Finyani wotsalawo ndi mpweya wonse wobisala, makamaka pogwiritsa ntchito thumba lokoka mpweya (vacuum bag). Chipangizo chikalimba, chitenthetseni mu uvuni pa madigiri amene wopanga anatchula, mukuwakweza mwapang'onopang'ono, kuti chisadzafewe chikakumana ndi kutentha pantchito yake.

Valani magolovesi a nitrile nthawi zonse, chifukwa khungu likayamba kudana ndi epoxy vutolo silitheratu. Ndipo ngati chipangizocho chidzagundana ndi aluminiyamu, yalani kansalu ka fibreglass (ulusi wa galasi) pakati pake, popeza carbon fibre imadutsitsa magetsi ndipo pakalowa chinyezi aluminiyamuyo imayamba kudyeka.