Nekilesi ya ku ukwati yoluka ndi singano: mwala wa rivoli pa chingwe cha herringbone

Mkanda wovala ku ukwati, ku chinkhoswe kapena ku dinner ya kuntchito sulira zonyezimira zambirimbiri ayi. Chimene chimapangitsa anthu kukuimitsani pakhomo la holo nkufunsa kuti "asisi mwagula kuti umenewu?" ndi mizere yowongoka, ulusi wosaoneka, komanso kumbuyo kwake kukhala kosamalika ngati kumaso. Ndiye amayi anzanga, apa ndifotokoza chinthu chimodzi chokha koma mokwanira: chingwe cha m'khosi cha mikanda cholukidwa ndi sitichi yotchedwa herringbone, pachifuwa pali mwala wa kristo wotchedwa rivoli womangidwa ndi peyote wozungulira, sitichi yoika mkanda umodziumodzi m'mipata ya mzere wapansi. Palibe guluu, palibe waya, singano ndi ulusi basi. Ngati munalukapo kachibangili ka peyote wafulati, izi mutha ndithu.

Tiyambe ndi mikanda chifukwa ntchito yambiri imaonongekera pamenepa singano isanalowe nkomwe. Mikanda ya mpaketi zazikulu ija timagula mu msika ndi yabwino potunga ya m'chiuno kapena ya ana, koma mukaithira pa mbale muona kuti wina ndi wonenepa, wina wopyapyala, wina bowo lake lili pambali. Pa peyote zimenezo zimaonekera patali, mzere umakhota ndipo mwala sukhala bwino. Pomanga mwala mukufunika Delica saizi 11/0, ya kampani ya Miyuki ya ku Japan, imakhala ngati timapaipi tating'ono todulidwa mofanana ndipo imagonana bwinobwino popanda mpata. Mufunikanso yozungulira ya saizi 15/0, ndi ya 11/0 yozungulira ya chingwe, kaya Miyuki kaya Toho kaya Preciosa ya ku Czech Republic. Nambala ikamakula mkanda umachepa, ndiye 15/0 ndi yaing'ono kuposa 11/0, musasokoneze potuma munthu. Ambiri timatuma abale a ku Johannesburg kapena ku UK, choncho alembereni nambala ya mtundu yeniyeni, chithunzi cha pa WhatsApp chimanama mtundu. Chingwe cha 45 cm chimadya pafupifupi magalamu 12, gulani 20 nthawi imodzi chifukwa mukadzagulanso mtsogolo mtundu womwewo utha kusiyana pang'ono, ndipo pa khosi kusiyanako kumaoneka. Ngati mulibe kuchitira mwina koma ya mu msika, itha kugwira pa chingwe chokha, koma muisankhe kaye ngati mmene timasankhira mpunga, yonse yopindika ndi yonenepa pambali.

Za mitundu ndilankhulepo pang'ono chifukwa zimandikhudza. Mikanda ya golide ndi siliva yongopaka pamwamba imasupuka ndi thukuta, ndipo maukwati athu ambiri amachitika m'chilimwe, mu Okutobala dzuwa lili phwee munthu akuvina pelekanipelekani maola angapo. Funani yolembedwa Duracoat ngati ndi Miyuki, kapena PermaFinish ngati ndi Toho, imapirirako. Ya pinki ndi ya pepo yambiri imakhala yonyikidwa mu utoto, tengani ingapo muikhutize pa kansalu koyera konyowa, ikasiya mtundu musayerekeze kuiyandikitsa ku dilesi loyera la mkwatibwi. Ndipo musanasankhe pitani kwa telala mukatenge kachidutswa ka nsalu yeniyeniyo, muyike mikanda pamwamba pake, muone masana panja komanso usiku pa getsi. Chitenje chikakhala cha maluwa ambiri nekilesi ikhale ya mtundu umodzi, dilesi likakhala lopanda maluwa mpamene mungasakanize iwiri.

Ulusi wosokera zovala ayi, umaduka. Twaini wa mbedza woonekera mkati uja nayenso ayi, ndi wouma, salola kudutsa kangapo mu bowo limodzi. Pa mwala ndimakonda FireLine wa 6 lb, naye anapangidwira asodzi koma ndi wolukana, sathetheka ndipo m'mphepete mwa kristo simumudula msanga. Pa mikanda yoyera tengani woyera, wakuda uja amasiya kautsi pa zala ndi mkati mwa mikanda. Pa chingwe mutha kugwiritsa ulusi wa nayiloni wa Nymo kapena One-G, ndi wofewa ndipo chingwe chimagona bwino pa khosi, kungoti Nymo mumukoke kaye atambasuke ndi kumupaka phula la njuchi. Singano zikhale zolukira mikanda, saizi 10 ndi 12, zija diso lake ndi lofanana ndi thupi lake. FireLine akakana kulowa, finyani nsonga yake ndi pulayala ikhale yafulati.

Tsopano mwala. Rivoli ndi kristo yozungulira yosongoka mbali zonse ziwiri, ilibe bowo, ndiye njira yoigwirira ndi kuilukira kakapu kothina. Tengani ya 14 mm. Kumbuyo kwake kuli foyilo imene imabweza kuwala, ikakalika mwala umaoneka wamadontho, ndiye pakani Cutex wopanda mtundu kumbuyoko muusiye uume musanayambe.

Dulani ulusi mita imodzi ndi theka. Tungani Delica 36, siyani mchira wa 15 cm, kenako lowaninso mu mkanda woyamba ndi wachiwiri kuti ikhale mphete. Osamanga mfundo yothina, mpheteyo izikhala ndi kampata pang'ono chifukwa mikanda ifuna kusuntha. Mikanda 36 imeneyi ndi mizere iwiri kale ngakhale ikuoneka ngati umodzi. Tolani Delica imodzi, dumphani mkanda umodzi wa pa mphete, lowani wotsatira, kokani. Muona wodumphidwa uja watsika, watsopano wakhala pamwamba pake. Pitirizani mpaka mwaika 18. Apa mpamene ambiri amasochera: mukamaliza mzere, singano ilowe mu mkanda womaliza wa pansi ndiponso ipitirire kulowa mu mkanda woyamba umene munaika mu mzere uno. Kukwera kumeneku mukakuiwala mizere imasanduka nkhono, simudziwanso poyambira ndi pothera. Ine ndimawerengeratu 18 nkuika padera pa nsalu mzere uliwonse, ikatha ndiye ndadziwa kuti nthawi yokwera yakwana.

Sinthani singano, ikani ya 12, mutenge 15/0. Lukani mizere iwiri momwemo, 18 mzere uliwonse, koma tsopano kokani mwamphamvu. Poti mikandayi ndi yaing'ono, mphete ija iyamba kupindikira mkati yokha nkukhala kambale. Yendetsani singano mopingasa kudutsa mu mikanda, osadumpha panja ndi ulusi, mpaka mutulukire mu Delica yotumphuka ya mbali inayo. Ikani mwala chafufumimba, nkhope yake igone pa 15/0 zija, muupanikize ndi chala chachikulu, ndiye lukani mizere iwiri ya 15/0 kumbuyo. Mzere woyamba mwala umafuna kuthawa, musatope, wachiwiri ukangokokedwa umagwira nganganga. Ugwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kakuti khwekhwe onjezani mzere wachitatu kumbuyo, miyala ya makampani osiyana imasiyana pang'ono kunenepa. Mzere womaliza dutsaninso kachiwiri ndi ulusi wopanda mkanda. Singano ikakana mu 15/0 musakakamize ndi pulayala, mkanda umasweka ndipo ukasweka pamenepa ndiye kumasula basi, tengani singano yopyapyala kapena dzerani njira ina.

Pano muli ndi mwala womangidwa koma wosavala. Yang'anani m'mphepete, pa mizere itatu ya Delica pali wapakati umene wakhala pa msana penipeni. Tulukirani mu mkanda wa mzere umenewo, tolani Delica, lowani mu wotsatira wa mzere womwewo, watsopanoyo akhala mu kangalande kali pakati nkutumphukira kunja. Zungulirani, 18 kachiwiri, muona ngati mano a giya. Pakati pa manowa ndi pokongoletsa. Njira yosavuta ndi kutola 15/0 zitatu pa mpata uliwonse, yapakati imasongoka nkupanga kakorona. Mukafuna za ukwati weniweni ikani timapelo, timikanda tonga ngale, ta 2 mm, kamodzi pa mpata. Ta 3 mm pa mpata uliwonse timachuluka, m'mphepete mumachita mafunde ndipo pendanti, mwala wolendewera uja, sigona pachifuwa, imangotembenuka. Siyani mano awiri oyandikana osakongoletsa, pamenepo mpodzalumikiza kokolekera mwalawu pa chingwe.

Chingwe tsopano, ndipo ichi ndi chimene chimadya nthawi, musayambe ukwati utatsala masiku atatu. Herringbone ena amati Ndebele stitch chifukwa amayi achi Ndebele a ku South Africa, makamaka ku Mpumalanga, ndi amene amadziwika nayo kuyambira kale, mukamasaka pa YouTube yesani mayina onse awiri. Mikanda imalowa iwiriiwiri nkupendekeka ngati chilembo cha V, ndipo chingwe chake chimakhala chofewa, chopindika mosavuta.

Poyambira pangani kamakwerero ka mikanda inayi. Tolani iwiri, lowaninso mu yonse iwiri kuti iime moyandikana mabowo akuyang'ana kumwamba, onjezani wachitatu ndi wachinayi momwemo, kenako lumikizani womaliza ndi woyamba ikhale kamphete, singano itulukire pamwamba pa woyamba. Tolani iwiri, tsikani mu mkanda wachiwiri, kwerani mu wachitatu. Tolani iwiri, tsikani mu wachinayi, ndiye pokwera mu woyamba mulowe mikanda iwiri, wapansi ndi watsopano wa pamwamba pake. Mzere watha. Mizere isanu yoyamba imavuta kugwira, imaoneka ngati zangopiringizana, lowetsani kamtengo kotokosera mano mkati kuti muone bwino mizati inayi. Ikadutsa sentimita imodzi dzanja limazolowera mpaka mutha kumacheza uku mukuluka.

Chinsinsi chili pa kakokedwe. Sitichi iliyonse kokani mofanana, ndipo onani kuti awiri aja akhala moyandikana, osati wina pamwamba pa mnzake. Mukaluka mutakwiya kapena mukuthamangira, chigawo chimenecho chimauma ngati ndodo, mawa mukaluka mutamasuka chimakhala cholobodoka, pa khosi zimaoneka kuti pena pakhota pena pagona. Nthawi ndi nthawi kulungani chingwe pa zala ziwiri, chizipindika popanda kuthyoka ngodya komanso ulusi usaoneke pakati pa mizere. Lukani masana pakhonde ngati mungathe, kuwala kwa tochi ya foni kumabisa zolakwika ndipo maso amatopa msanga.

Amene mukufuna chingwe chopota, mukaluka mizere itatu yowongoka sinthani motere: tolani iwiri, tsikani mikanda iwiri, kwerani umodzi wokha wapamwamba pa mzati wotsatira. Kusiyana kwa kutsika ndi kukwerako ndi kumene kumapotoza. Kumaoneka bwino kwambiri mukaika mzati umodzi wa golide, inayo ya mtundu wa nsalu, koma musadandaule mukaona kuti sikukupota poyamba, kumayamba kuoneka pakadutsa masentimita awiri kapena atatu.

Ulusi ukatsala 15 cm musadikire kuti uthe. Lowetsani watsopano mizere isanu kumbuyo, muumange timfundo tiwiri pa ulusi wa pakati pa mikanda m'malo osiyana, utulukire pomwe wakale watulukira. Lukani mizere ingapo kaye, ndiye bwererani mukabise wakale uja mosinthasintha njira. Mfundo isakhale mkati mwa bowo, idzakutsekerani njira. Podula, kokani ulusi pang'ono nkudula pafupi penipeni kuti nsonga ibwerere mkati.

Utali wake, 45 cm imafika pansi pang'ono pa mafupa a pakhosi, 40 cm imagwira khosi, koma yezani pa mwini wake ndi tepi atavala chovala cha khosi lofanana ndi dilesilo, ndipo chotsanipo utali wa loko womangira nekilesi kumbuyo kwa khosi. Mzere womaliza ulumikizeni ngati makwerero aja kuti nsonga ziwiri zifanane.

Kokolekera lukani padera, peyote wafulati wa Delica zinayi m'lifupi, kutalika kokwanira kuzungulira chingwe nkutsala kampata kuti pendanti iziyenda. Nsonga zake zilowane ngati zipi, zisokeni, kenako sokererani pa mano awiri munasiya aja, dutsani katatu. Lowetsani chingwe mu kokolekera musanaike loko, mukatero mochedwa loko salowa.

Loko ikani ndi ulusi watsopano, osati wa chingwe. Malo amenewa ndi amene amakokedwa tsiku lililonse, ndiye akadzaduka kudzangoduka lokoyo, chingwe chonse chili bwinobwino. Tulukirani pa mzati umodzi, tolani 15/0 zisanu ndi ziwiri, dutsani mu ling'i yotsekeratu yopanda mpata, tsikani mu mzati wa mbali inayo, bwerezani katatu. Ling'i yokhala ndi mpata ulusi umapulumukira pomwepo. Loko wa maginito sindimukonda pa ukwati, mwana akangokoka kapena pokumbatirana amatseguka osamva nkomwe. Loko wa kambedza wotchedwa lobster ndi tcheni cha 5 cm ndiye wodalirika, mwini wake atha kukweza kapena kutsitsa.

Ndolo zake ndi ntchito yomweyo pa mwala wocheperako, nambala ya Delica ichepe koma ikhale yogawika pawiri, ndipo musazikongoletse kwambiri kuti zisapikisane ndi pendanti.

Musanapereke, yendetsani nekilesi yonse pa kansalu ka lesi kapena sitoko yakale, paliponse pamene pakola pali kansonga ka ulusi kotsala, kadulani pomwepo chifukwa kamayabwa pakhosi ndipo kamakoka ulusi wa dilesi. Muuzeni mwini wake kuti pefyumu, mafuta ndi spray ya tsitsi ziyambe, ziume, mkanda ubwere pomaliza, akavula aupukute ndi nsalu youma nkuugoneka mu kabokosi, osaupachika pa msomali chifukwa kulemera kwa mwala kumatambasula chingwe.