Momwe mungakonzere ulendo wa ana ophunzira pakhomo wokaona mbiri ya mabomba a nyukiliya ku Las Vegas

Makolo amene mumaphunzitsa ana anu pakhomo ku America kuno, makamaka inu a ku Nevada, Utah, Arizona ndi California, pali malo amene ndikufuna mukawaonetse ana asanakule. Ndi Atomic Museum, yomwe ambiri amaitchulabe kuti National Atomic Testing Museum, mumsewu wa Flamingo ku Las Vegas. Inatsegulidwa mu 2005, ndipo imasunga mbiri ya mabomba amene dziko la America linkayesa m'chipululu cha Nevada. Ine ndinapitako ndi anga awiri, wazaka 12 ndi wazaka 9.

Choyamba, phunziro liyambire kunyumba, kudakali sabata yathunthu. Yalani mapu patebulo. Mwana aloze Las Vegas, kenaka apeze malo amene ankayeserako mabombawo, Nevada Test Site (masiku ano amatchedwa Nevada National Security Site), pafupifupi makilomita 105 kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu. Apezenso tauni ya St. George ku Utah ndipo aizungulize ndi pensulo, mudzaifuna patsogolo. Muuzeni kuti bomba loyamba linaphulitsidwa ku Nevada Test Site pa 27 Januwale 1951, pamalo otchedwa Frenchman Flat, ndipo lomaliza pa 23 Seputembala 1992. Onse pamodzi anayesa ka 928: ka 100 mumlengalenga, ka 828 pansi pa nthaka. Masamu a tsikulo akhale omwewa. Wanga wamkulu atagawa n'kupeza kuti ndi pafupifupi mabomba awiri mwezi uliwonse kwa zaka zoposa 40, anabwerezanso kuwerengako poganiza kuti walakwitsa.

Chachiwiri, gwirizanani ndi mabanja ena awiri kapena atatu, muimbiretu foni kufunsa za mtengo wa gulu ndi nthawi yotsegulira. Pitani m'mawa, mutenge madzi okwanira. Ku Las Vegas mu Julaye kumatentha kupitirira madigiri 40.

Chachitatu, achenjezeni ana za chipinda chotchedwa Ground Zero Theater musanalowemo. Mumakhala pabenchi mumdima, kenaka kuwala kumang'anima, chiphokoso n'kubwera, benchi n'kugwedezeka, mphepo n'kukuombani kumaso ngati muli pomwe bomba laphulikira. Wamng'ono wanga anandigwira dzanja mpaka zikhadabo zake kundisiyira zizindikiro. Mwana wamantha musamukakamize, khalani naye panja. Mukatuluka musathamangire kwina. Aliyense alembe m'kope mwake zimene wamva m'thupi, kenaka mukaone makina oyezera cheza choopsa otchedwa Geiger counter, ndi zithunzi za nyumba zimene anamanga m'chipululu mu 1955, n'kuikamo zidole zovala ngati banja lenileni, kuti aone mmene bomba lingaziphwanyire.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona ulendo wonsewu, bwererani ku nkhani ya St. George munazunguliza pamapu uja. Mwana akaona makina akuluakulu ndi utsi wooneka ngati bowa amatengeka, n'kuiwala kufunsa kumene fumbi la mabombawo linkagwera. Funso limeneli mumupatse ndinu. Mphepo inkatengera fumbilo kum'mawa ndi kumpoto, n'kukalisiya pamadenga, m'minda ndi pamsipu. Mu 1953 nkhosa zambirimbiri zinafa kummwera kwa Utah. Ng'ombe zinkadya udzu wa fumbiwo, poizoni wotchedwa iodine-131 n'kulowa mumkaka, ana n'kumwa, ndipo ambiri anadzadwala khansa ya chithokomiro atakula. Anthu amenewa amatchedwa ma downwinders, kutanthauza okhala kumene mphepo inkalowera. Boma linadzakhazikitsa lamulo lowapatsa chipukuta misozi mu 1990, ena atamwalira kale. Muwauzenso ana kuti chipululucho sichinali chopanda eni. Ndi dziko la mtundu wa Western Shoshone, ndipo eni akewo akhala akudandaula kwa zaka zambiri.

Ana athu asaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu okha. Uranium wambiri amene anagwiritsa ntchito popanga mabomba oyambirira a 1945 anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo, ndi manja a anthu akuda. Mwala womwewo ulinso kwathu ku Kayelekera, m'boma la Karonga, ngakhale kuti wa kumeneko amaugulitsa kuti ukapangire magetsi. Nditatchula Karonga, onse awiri anatchera khutu kuposa poyamba.

Mukafika kunyumba, mwana aliyense alembe kalata ngati kuti ndi mlimi wa nkhosa wa ku Utah mu 1953, akufotokozera m'bale wake zimene waona m'khola. Muiwerengere limodzi madzulo, mukatha kudya.

Ngati muli ndi ana okulirapo, kumakhalanso maulendo a basi opita kumalo oyeserako enieniwo, kumene mumakaona chidzenje cha Sedan chimene bomba linakumba mu 1962, chakuya pafupifupi mamita 100. Ana osakwana zaka 14 saloledwa, mafoni ndi makamera salowa, ndipo malo amatha msanga, choncho lembetsani kudakali miyezi ingapo.