Nyumba yapansi ku Lilongwe: pomwe imathandiza ndi pomwe imadya ndalama

Mukazungulira ku Area 25, Area 49, Kawale kapena Area 36, mupeza kuti nyumba zambiri ndi zapansi, zopanda chipinda pamwamba pa chinzake. Chikhalireni likulu la dziko mu 1975, Lilongwe wakhala akukula motambalala osati mokwera m'mwamba, poti malo ake ndi achidikha ndipo kale adalipo ambiri. Anthu ochuluka amamanga nyumba yotere chifukwa ndi yomwe mmisiri wa m'dera mwawo amaidziwa. Kawirikawiri amakhala atasankha bwino, koma nyumba yapansi ili ndi adani ake, ndipo onse amaipezera pansi kapena kudenga.

Tiyambe ndi thumba. Tengani nyumba ya masikweya mita 120, zipinda zitatu zogona. Ikakhala yapansi, maziko ake ayenera kukwana malo onsewo, denganso chimodzimodzi. Mukaisanja, maziko ndi denga zimatsika pafupifupi ndi theka, n'chifukwa chake ena amati yosanja ndiyo yotchipa. Amaiwala silabu ya pakati, konkire uja amanyamula zipinda zapamwamba. Silabu ya masikweya mita 60 yochindikala masentimita 15 imafuna konkire wokwana makiyubiki mita 9, kutanthauza matumba a simenti oposa 50, osawerengera zitsulo, matabwa, mitengo yochirikiza yomwe imakhalapo milungu pafupifupi itatu, zipilala, masitepe ndi malipiro a injiniya. Silabuyo imathiridwa tsiku limodzi, choncho ndalama zake ziyenera kukhalapo zonse nthawi imodzi. Apa ndi pomwe nyumba yapansi imapambana kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi: chaka chino maziko, chaka chamawa makoma mpaka pa ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), kenako malata, n'kulowamo zipinda ziwiri zitatha kwinaku mukumaliza zinazo.

Chomwe imakulandani ndi bwalo. Puloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali ili ndi masikweya mita 450. Chotsanipo nyumba ndi khonde, mipata yomwe khonsolo ya mzinda imafuna kuti itsale pakati pa khoma ndi malire, poimika galimoto, septic tank ndi dzenje lake lomwetsa madzi, nsanja ya thanki, poyanika zovala. Kadimba ka mpiru kamasowa malo, ndipo maganizo odzamanga kanyumba ka lendi kuseri amathera pomwepo. Jambulani zonsezi papepala limodzi musanakumbe, osati nyumba yokha ayi. Puloti ikakhala yaing'ono kuposa pamenepa, kusanja kumayamba kukhala ndi nzeru.

Madzi ndiye mdani wamkulu

M'nyumba yosanja madzi akalowa pansi, katundu mumathawitsira pamwamba. M'nyumba yapansi mulibe kothawira: mabedi, matumba a chimanga, mapepala a sukulu, zonse zili pa msinkhu umodzi. Anthu a ku Mtandire adaziona mu 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira. Koma nyumba zambiri sizionongeka ndi mtsinje. Zimaonongeka pang'onopang'ono ndi madzi a padenga pake pomwe.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 140 likalandira mvula ya mamilimita 30 masana amodzi a mu Januwale, malita 4,200 amatsikira m'mphepete mwa makoma. Denga la nyumba yapansi ndi lalikulu, ndiye madzinso ndi ambiri. Popanda magata ndi ngalande, madziwo amalowa pansi pa maziko chaka ndi chaka.

Choncho pansi pa nyumba pakwere. Masentimita 15 kuchokera pa nthaka ndiwo ochepetsetsa, koma ife timalangiza 30 mpaka 45, makamaka ngati puloti ili kumunsi kwa msewu. Kumbukirani kuti msewu wafumbi ukadzakonzedwa umakwera, nyumba yomwe idali bwinobwino n'kutsala m'dzenje. Pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pulasitiki yotchinga chinyontho ija amisiri amati DPC, ina iyalidwe pansi pa konkire wa pansi. Akaidumpha, mudzaona penti ikufufuma ndi pulasitala akuyoyoka m'munsi mwa khoma, ndipo kupakanso penti sikuchiza. Kuzungulira nyumba kukhale kakhonde ka konkire kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kopendekera kunja. Mpanda wa njerwa nawo umasunga madzi ngati damu, ndiye siyani mabowo m'munsi mwake kumbali yotsika, ndipo mugwirizane ndi aneba za komwe madziwo azipita, chifukwa milandu yambiri ya pakati pa oyandikana imayambira pamenepa.

Nthaka muione ndi maso. Katondo wofiira yemwe ali m'madera ambiri a mzindawu amanyamula nyumba yapansi popanda vuto: maziko otambalala masentimita 60, konkire wochindikala masentimita 20, muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala ya kwale. Makande akuda a m'madambo ndi nkhani ina. Amafufuma m'dzinja, n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba yopepuka, yaitali ngati yapansi imatukulidwa mbali imodzi, ming'alu n'kuyamba m'makona a mawindo. Kumbani dzenje loyesera lakuya mita imodzi ndi theka. Mukapeza dothi lakuda lomata kapena madzi akutuluka, itanani injiniya ngakhale nyumbayo ndi yapansi. Ndipo puloti muikaone mu Febuluwale, osati mu Seputembala pomwe paliponse pamaoneka pouma.

Musanathire konkire wa pansi, chotsani zitsa ndi mizu yonse, thirani mankhwala a chiswe. Zitseko, makabati ndi mapaso zonse zili pafupi ndi nthaka, chiswe sichiyenda ulendo wautali.

Chipinda chilichonse chili pansi pa malata

Mu Okutobala ndi Novembala izi zimamveka m'thupi. Nyumba yosanja ili ndi zipinda zapansi zozizira, koma yapansi yonse imawotchedwa kuchokera kumwamba, ndipo mu Juni ndi Julayi malata omwewo amataya kutentha msanga usiku. Mankhwala ake ndi siling'i, yokwera mamita 2.7 kapena 3 kuchokera pansi, ndi timabowo totulutsa mpweya wotentha m'makoma a m'mbali mwa denga, totchingidwa ndi sefa. Malata owala amabweza dzuwa kuposa akuda, ngakhale akudawo ndiwo ali m'fasho. Denga litulukire kunja masentimita 60 kuti lichite mthunzi ndi kuteteza khoma ku mvula. Ngati puloti ikulola, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, chifukwa dzuwa lovutitsa ndi la kumadzulo, lomwe limalowa pawindo molunjika.

Pali cholakwika china chomwe timachiona m'mapulani ambiri. Pofuna kupanikiza zipinda zonse pansi, nyumba imafutukuka mpaka pakati pake pamatsala kolido yamdima yofuna getsi masana, yopanda mphepo. M'lifupi musapitirire zipinda ziwiri, ndipo chipinda chilichonse chikhale ndi windo loyang'ana kunja, lotalikirako ndi mpanda. Mpata wa pakati pa khoma ndi malata utsekedwe, poti ndi pomwe udzudzu wa malungo umakonda kulowera, mawindo akhale ndi sefa.

Denga lalikulu limagwiranso mphepo yambiri, ndipo mikuntho ya mvula yoyamba ndiyo imasasula nyumba. Denga silikhala chifukwa cha kulemera kwake, limakhala chifukwa lamangiriridwa. Mawaya kapena zitsulo zopyapyala zomangira mitanda zilowe mu ring beam konkire asanaume, osati kukhomeredwa pa mzere womaliza wa njerwa. Ring beam yeniyeni imazungulira makoma onse osaduka, ndi zitsulo zinayi za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zomangidwa ndi mphete za R6 (za mamilimita 6) pa masentimita 20 aliwonse. Ena amaidumpha ati nyumba yapansi siifuna. Dziko lathu lili m'chigwa chomwe chimachita zivomezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009, ndipo chomwe chimagwira makoma kuti asatayane ndi lamba ameneyu. Ubwino wake, nyumba yapansi yomangidwa bwino imapirira kugwedezeka kuposa yosanja yomangidwa mwachinyengo, ndipo kukonza denga lake kumangofuna makwerero wamba.

Za akuba n'zodziwika: windo lililonse munthu amalifikira ataima pansi, choncho ndalama za zitsulo zotchingira zimachuluka. Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi nyumba zotsekedwa ngati khola. Moto ukabuka usiku, ubwino waukulu wa nyumba yapansi, woti mumangotuluka, umatha ngati mawindo onse ali owotcherera ndipo kiyi wa chitseko sakudziwika komwe ali. Zitseko zotulukira zikhale ziwiri kumbali zosiyana, ndipo kumbali ya zipinda zogona kukhale windo lomwe chitsulo chake chimatseguka kuchokera m'kati.

Kwa agogo, mayi woyembekezera, mwana wokwawa kapena wodwala wobwera kuchokera kuchipatala, kusowa kwa masitepe ndi mpumulo weniweni, ndipo ambiri omwe adamanga zosanja ali ndi mphamvu amadzasamukira m'chipinda chapansi akakula. Komabe pansi pokwera paja pamabweretsa masitepe awiri kapena atatu pakhomo. Konzeranitu njira yotsetsereka ya njinga ya olumala: pa sentimita iliyonse yokwera pafunika masentimita 12 a kutalika, ndiye khonde lokwera masentimita 45 likufuna njira ya mamita pafupifupi 5 ndi theka. Zitseko zikhale za masentimita 90, cha kubafa chomwe, ndipo pansi pa bafa pasakhale matailosi oterera.

Mapaipi savuta m'nyumba yapansi bola khitchini, bafa ndi chimbudzi zikhale mbali imodzi. Zikabalalika, mapaipi amatalika, madzi otentha amafika atazizira, ndipo paipi ya zonyansa imasowa kutsetsereka. Paipi ya mamilimita 110 imafuna kutsika masentimita 2 ndi theka pa mita iliyonse, apo ayi izitsekeka. Madzi a Lilongwe Water Board akasiya, thanki yokwezedwa mamita 5 kapena 6 imakwanitsa shawa ya nyumba yapansi popanda pampu, pomwe yosanja ingafune nsanja yaitali kuposa apo. Musaiwale kuti thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu, nsanja yake si yowotcherera mwachisawawa.

Tsono pali mawu aja akuti "timange yapansi kaye, tidzasanja m'tsogolo." Maziko a masentimita 60 ndi makoma wamba sadapangidwire kunyamula silabu ndi nyumba ina pamwamba, ndipo kudzawalimbitsa pambuyo pake kumafuna kuswa pansi ndi kukumba m'kati mwa nyumba yomwe mukukhalamo. Ngati maganizo osanja alipodi, injiniya ajambule zipilala, maziko ake ndi malo a masitepe lero, pulaniyo ivomerezedwe ndi khonsolo ili yosanja kale. Ngati palibe, konzekerani kukulitsa cham'mbali. Nyumba iyandikire mbali imodzi ya puloti momwe malamulo akulolera, denga likhale la mapiko awiri losavuta kulumikiza, kolido ithere pa khoma lakunja pomwe padzabooledwe chitseko, ndipo septic tank isakumbidwe kumbali yomwe zipinda zatsopanozo zidzapite.