Magalasi a motoka akamachita nkhungu ngakhale mwayatsa defroster

Malangizo awa ndi a inu madalaivala ochokera ku Zambia amene mwalowa pa Mwami ndi Mchinji n'kufika ku Blantyre. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kuno kumachita chiperoni: kamvula kowaza, nkhungu ndi kuzizira, makamaka pamsewu wochoka ku Limbe kupita ku Thyolo. Galasi likazizira, chinyezi cha mpweya umene mukupuma m'motokamo chimasanduka timadontho pagalasipo. Choncho ntchito ya defroster, yomwe imauzira mpweya pagalasi kuti nkhungu ichoke, si kutenthetsa chabe, koma kuumitsa mpweyawo.

Musanafune makaniko, yang'anani mabatani. Pali batani la chithunzi cha motoka yokhala ndi muvi wokhota m'kati mwake. Limeneli limazungulitsa mpweya womwewo wa m'kati, ndipo ambiri amalisiya loyaka pothawa fumbi, kenako n'kuliiwala. Lizimitseni kuti mpweya wakunja ulowe. Mukatero yatsani AC ngakhale kukuzizira. Tikudziwa kuti anthu amakana poopa kutha mafuta, koma AC ndiyo imachotsa chinyezi, hita imangotenthetsa. Ziwirizi ziyende pamodzi, fani ikhale pamphamvu, mpweya uloze pagalasi lakutsogolo. Ngati mwanyamula anthu ambiri ovala zonyowa, tsitsani zenera pang'ono. Osapukuta ndi dzanja, mafuta a m'manja amawonjezera vuto.

Nkhungu ikapanda kuchoka, vuto lili m'motoka. Imani pamalo abwino, injini ikulira, wina adine batani la AC inu mukumvetsera pansi pa boneti. Pa motoka zambiri compressor, yomwe ndi pampu ya gasi wa AC, imamveka ikamagwira. Ikakhala chete, mwina fyuzi yapsa kapena gasi watha. Motoka zambiri zakale zochokera ku Japan zimalira gasi wa R134a, koma onani kaye kachikwangwani ka pansi pa boneti. Musangothiritsa wina, makaniko apeze pamene pakudontha.

Fani ikamalira kwambiri koma mpweya n'kumatuluka wochepa, onani fyuluta ya mpweya wa m'kati. Pa Toyota zambiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala. Yadzaza fumbi, sinthani. Mpweya wa hita ukamabwera wozizira chonsecho mwayenda mtunda wautali, funsani ngati thermostat, yomwe imathandiza injini kufika pa kutentha koyenera, ilimo. Amakaniko ena amaichotsa ati injini isatenthe, ena amatseka mapaipi a hita. Motoka yotere siingalimbane ndi chiperoni.

Tsopano gwirani kapeti, kwezaninso mphasa zake. Madzi oyera kumapazi a pasenjala amasonyeza kuti kapaipi kotaya madzi a AC katsekeka, kapena masamba atseka ngalande ya m'munsi mwa mawaipa, kapena malabala a zitseko atha. Kapeti yonyowa imabweza chinyezi tsiku lililonse mpaka mutaiyanika padzuwa.

Chenjerani ndi ichi: mukamva kafungo kotsekemera, galasi n'kumachita nkhungu yoterera ngati mafuta, madzi a injini n'kumachepa, ndiye kuti heater core, yomwe ndi radiyeta yaing'ono ya hita, yabooka. Apa defroster imawonjezera nkhungu m'malo moichotsa. Nthunzi imeneyi si yabwino kupuma, ndipo injini ikhoza kutentha mopitirira. Pitani ku galaja tsiku lomwelo. Musatsegule chivundikiro cha radiyeta injini ili yotentha, mungapse.

Galasi lakumbuyo lili ndi timizere totenthetsa. Tonse tikapanda kugwira ntchito, yambani ndi fyuzi. Kakafa kamodzi kokha, kaduka, kawirikawiri chifukwa chopala ndi lumo pomatula tinti kapena stika. Popukuta, nsalu iziyenda motsata timizereto.

M'nyengo ya dzinja, kukatentha mvula itagwa, nkhungu imatha kuchita kunja kwa galasi chifukwa AC yazizira kwambiri. Yatsani mawaipa kamodzi. Ikachoka, chepetsani kuzizira ndipo mpweya musaulozenso pagalasi.